Migolo Isanu ndi Umodzi ya pa Likhubula

Loweruka la ukwati, cha m'ma 11 koloko

Ndinatsitsa matumba a ayezi pa kabaza n'kutsetserekera ku mtsinje, ndipo migolo ndinapeza palibe. Chingwe chinalipo, chomangidwabe ku muzu wa mkuyu. Miyala imene ndinatchingira nayo madzi inalipo. Koma migolo isanu ndi umodzi ya mowa, imene ndinaikhazika m'dziwe dzulo lake, inali itachoka yonse. Poyamba ndinati akuba. Kenako ndinaona udzu utagona kuchokera pa gombe kukwera mtunda, mizere yotakata ngati pakunkhunizidwa zipika. Wakuba sapita ndi katundu kumene kuli anthu. Ndinatsata mizereyo mpaka pa bwalo la ukwati.

Migolo inali pamenepo, itafola kutsogolo kwa tenti yaikulu, pa dzuwa la Okutobala, uliwonse atauveka kansalu kofiira. Pambali pake panaima a Tebulo, atsibweni a mkwatibwi, amenenso anali ankhoswe a kuchikazi. Anali atangobwera kuchokera ku tchalitchi, duwa lili pa jekete.

"Mwafika, a Muhale," anatero. "Ntchito yanu takuchepetserani."

"Wachotsa migolo m'madzi ndani?"

"Ine ndi anzanga awiri, mbandakucha. Mowa wa ukwati ubisale ku mtsinje ngati kachasu? Alendo auone. Ndiponso tauvundula."

"Mwauvundula."

"Uliwonse, kakhumi uku ndi uku pa udzupa. Mowa ukagona mphamvu imatsikira pansi. Oyamba akanamwa madzi, omaliza n'kugwa chagada. Mayi anga afulula mowa moyo wawo wonse, ine zimenezi musandiphunzitse."

Ndinaika dzanja pa mgolo woyamba. Unali wofunda ngati mwana wa malungo. Alendo amayenera kuyamba kumwa wani koloko.

Ana anga, kuti mumvetse kukula kwa vuto limene ndinaliona nthawi imeneyo, ndiyambe ndakuuzani kumene ndinaphunzira ntchito.

Zaka za ku kalabu ya esiteti

Sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Ndinathyola tiyi nyengo ziwiri, dengu kumsana, mpaka kapitawo wina anati ku kalabu ya mabwana akufuna wotsuka matambula. Anasankha ine chifukwa sindinkalankhula. Anati wa ku bala amamva zambiri, ndiye pakamwa pake pazikhala potseka. Mkulu wa bala anali a Jowawo, munthu wa ku Milange, wamfupi, wa ndevu zoyera, Chichewa chake chosakanikirana ndi Chilomwe ndi Chipwitikizi. Iwowa ndi amene anandipatsa ntchito imene yakudyetsani nonsenu.

Kalabu ija inali ndi mowa wa m'migolo yachitsulo, umene amati dirafuti. Kachitidwe kake n'kotere. Mgolo umakhala pozizira. Paipi imachoka pa silinda ya gasi kulowa mu mgolo, gasi n'kumakankha mowa kudzera mu paipi ina mpaka pa mpopi. Sabata yanga yoyamba lole inabweretsa migolo itatu n'kuisiya pa geti. Pofuna kuoneka wolimbika, ndinaikunkhuniza ndekha mpaka kuseri kwa bala. A Jowawo anangondiyang'ana. Ndiye anati ndilumikize umodzi, ndiike tambula, nditsegule. Linatuluka thovu lokhalokha, loyera ngati la sopo, kusefukira pa kauntala, pansi, mpaka m'nsapato zawo. Sanandiletse. Anandisiya ndithire matambula khumi, ndipo m'tambula iliyonse mowa weniweni unali chala chimodzi.

"Kwanu mumamwa masese?" anandifunsa.

"Amamwa ndi bambo anga."

"Masese amafuna kuvundula. Uwu ukauvundula umakwiya. Ukauika pa dzuwa umakwiyanso. Ndipo sumva kupepesa. Umaugoneka pozizira, iwe n'kukhala pansi kudikira. Divagari, mwana wa eni."

Divagari ndiye kuti pang'onopang'ono. Ndinakolopa mpaka madzulo, ndipo sindinakunkhunizenso mgolo moyo wanga wonse.

A Jowawo sankadziwa kuwerenga kalata, koma geji, kawotchi kosonyeza mphamvu ya gasi, ankaiwerenga ali patali. Lolemba lililonse tinkatsuka mapaipi ndi madzi otentha ndi mankhwala ake, kaya mowa wayenda kaya sunayende. Anandiphunzitsa kupendeka tambula pothira, ndi kuiwongola pomaliza kuti pamwamba pakhale thovu la zala ziwiri, osapitirira. Kutamanda munthu sankadziwa. Tsiku lina bwana wamkulu atayamikira mowa umene ndinathira ine, a Jowawo anangoti, "Lero sunawononge." Ndinapita kunyumba wosangalala ngati ndapatsidwa njinga. Ndinakhala pansi pawo zaka khumi ndi chimodzi. Nkhondo ya kwawo itatha, anandipatsa makiyi a bala n'kuwoloka malire. Sindinawaonenso. Ndimawathokoza kuno chifukwa pamaso pawo sindinathe.

Zaka za ku Muloza, ndi za Mayi Makawa

Mabwana ndawaona ambiri. Wina anandiitana Joni zaka zinayi, dzina losakhala langa. Wina ankalowa m'bala ndi agalu. Wina ndinakangana naye chifukwa cha mgolo wowawasa umene ankafuna ndithirire alendo. Ndinakana. Mwezi usanathe anandisamutsira ku nyumba ya alendo ya kampani ku Muloza. Kumeneko kunalibe dirafuti. Kunali mabotolo ofunda, fumbi, amalonda odikira kuwoloka, ndi osintha ndalama amene ankakhala tsiku lonse pa botolo limodzi. Ndinatsegula mabotolo zaka zitatu. Ntchito imeneyo aliyense wa mano angaigwire.

Amene anandichotsa kumeneko ndi Mayi Makawa. Anabwera ku kalabu ngati manijala, mkazi woyamba pa mpando umenewo, ndipo amuna ambiri anang'ung'udza. Atalawa mowa wa pa mpopi anaulavula. Anafunsa kuti vuto n'chiyani, akhuki n'kuwauza kuti mwini wake wa mipopi imeneyi ali ku Muloza. M'mawa mwake ananditumizira galimoto.

"Ndinu a Muhale? Akuti simulankhula."

"Eya."

"Palibe kanthu. Ine ndimalankhula za anthu awiri."

Sananame. Pakamwa pawo panali moto. Akakwiya sankasankha malo kapena munthu, ndipo mawu awo ankamveka mpaka ku bwalo la gofu. Koma ntchito ankailemekeza. Tinadutsa limodzi zaka zovuta. Gasi ankasowa miyezi, ife n'kumasunga wotsala ngati mchere wa m'njala. Magetsi akazima tinkakuta migolo ndi masaka onyowa n'kutsegula mazenera a mbali ya phiri. Tsiku lina anandipeza ndikukupiza migolo ndi katoni, anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anatenga katoni ina n'kuyamba kukupiza nawo.

Chaka chimene mayi anu anagona miyezi iwiri ku chipatala cha Mulanje Mission, panalibe wowadikirira koma ine. Inu munali aang'ono. Akuluakulu a kampani anati alembe munthu wina pa bala. Mayi Makawa anakana. Akaweruka mu ofesi ankavala epuloni yanga n'kuima okha kuseri kwa kauntala, manijala wathunthu, kuthirira amuna amene ankawanyoza, kuti malo anga asapite. Umo ndi mmene anaphunzirira za migolo, za geji ndi za thovu. Nditabwerera anandiponyera epuloni n'kunena kuti, "Tengani ntchito yanu, yandithyola msana." Za miyezi iwiri ija sanazitchulenso.

Anali mayi wamasiye, wa mwana mmodzi, Enelesi. Mwanayo anakulira ku khitchini ya kalabu, kulemba za kusukulu pa tebulo la akhuki. Kumudzi amene ankawaimirira pa milandu ndi pa maliro anali achimwene awo, a Tebulo, mlimi wa chinanazi, wosapita kusukulu koma womveka pa bwalo. Awiriwa ankakondana mokangana. Mayi ankati achimwene ndi otsalira, achimwene n'kumati mlongo wawo wadya za azungu.

Sabata ya ukwati, Lachiwiri mpaka Lachisanu

Mayi Makawa anapuma ntchito ine ndisanapume. M'chaka changa chomaliza anabwera kunyumba kwathu, mayi anu n'kuwayalira mphasa.

"Enelesi akukwatiwa," anatero. "Akuchimuna ndi a ku Blantyre, a magalimoto. Akubwera kudzaona ngati kuno timadya ndi mafoloko. Ndikufuna dirafuti pa ukwati, a Muhale. Anthu mazana angapo, pabwalo, ku Likhubula."

"Kulibe magetsi kumeneko."

"N'chifukwa chake ndabwera kwa inu."

Anandiuzanso kuti a Kamwendo, bambo a mkwati, akumanga loji m'munsi mwa phiri, ndipo akufuna munthu wamkulu woti akawaikire mipopi n'kumayang'anira bala. Anali atawauza kale za ine. A Kamwendo anati akaona dzanja langa pa ukwati. Sindibisa, ntchito imeneyo ndinkaifuna. Penshoni inali pafupi, ndipo iwe Rute unali usanamalize sekondale.

Lachiwiri ndinakaona malo. Bwalo linali la udzu, lotsetserekera ku mtsinje, lopanda mthunzi kupatula mkuyu wa pa gombe. Firiji panalibe poilumikiza. Ayezi ku boma anali wosowa chifukwa magetsi ankazima masiku amenewo, ndipo ogulitsa nsomba anali atagwira yense. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Amene anandipulumutsa ndi a Lingisoni, mkulu wa onyamula katundu wa alendo okwera phiri, bambo wa imvi ngati ine. Ananditengera pansi pa mkuyu n'kunena kuti ndipise mwendo m'dziwe. Ndinapisa. Madzi ochokera pamwamba pa phiri analuma fupa.

"Firiji ya Mulungu imeneyo," anatero a Lingisoni. "Siizima."

Mayi Makawa anakondwa ndi malowo pa chifukwa chinanso. Akulu a mpingo anali atavomera kubwera ku madyerero pokhapokha mowa ukhale kutali ndi tenti. Ku mtsinje kunali kutali mokwanira.

Lachitatu kalipentala anandikhomera tebulo la matabwa la mabowo awiri a mipopi. Lachinayi ndinatsuka mapaipi kawiri. Paipi yachitsulo yopindapinda ndinaiika m'bokosi la ayezi, kuti mowa pochoka mu mgolo udutse m'menemo usanafike pa mpopi. Silinda ya gasi ndinabwereka ku kalabu, ndipo polumikizira ponse ndinapaka thovu la sopo kuona ngati pakutuluka mpweya. Lachisanu m'mawa lole inafika ndi migolo. A Lingisoni ndi anzawo anapanga machira a nsungwi ndi masaka, n'kutsitsa mgolo umodziumodzi ngati wodwala. Tinaiimika m'dziwe, madzi kulekeza m'khosi, n'kuimanga ndi chingwe. Madzulo ndinalumikiza umodzi n'kuthira tambula imodzi yoyesera. Unatuluka woyera ngati uchi wosefa. A Lingisoni anamwa n'kupukusa mutu.

Cholakwa changa chenicheni chinali chimodzi. Sindinauze aliyense wa pa banjapo kuti migolo isakhudzidwe. Ndinaganiza kuti aliyense akudziwa. Loweruka ndinalawirira ku Muloza, kumene wamalonda wina wa nsomba anandilonjeza matumba awiri a ayezi wochokera kutsidya.

Loweruka masana

Ndibwerere pa bwalo paja, dzanja langa lili pa mgolo wofunda, a Tebulo akudikira kuti ndiwathokoze.

"Mwagwira ntchito, akulu," ndinatero. "Tsopano ibwerere m'madzi."

"Alendo asanauone?"

"Adzauonera m'tambula."

Sanakondwe, koma galimoto za akwati zinayamba kuliza mahutala ku msewu ndipo anathamangira komweko. Ndinaitana a Lingisoni. Atagwira mgolo anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ana. Machira aja anagwiranso ntchito. Pofika 12 koloko migolo inali m'dziwe, akwati ndi Mayi Makawa asanalowe pa bwalo. Mwa kudziwa kwanga inkafuna maola anayi, mwina asanu.

Wani koloko itakwana ndinayesa umodzi. Thovu. Ndinatsitsa gasi, ndinathira ayezi yense m'bokosi. Thovu. Anthu anali atayamba kale kutsetsereka kuchokera ku tenti, amuna a masuti, ena atanyamula matambula m'manja. Woyendetsa mwambo anali atalengeza pa chimkuzamawu kuti ku mtsinje kuli zinthu zimene Mulanje sanazionepo.

"Madala, thirani."

"Sunakonzeke."

"Sunapse? Mukuchita kufulula pompano?"

Anaseka. Wina anatsegula mpopi yekha, thovu n'kumudzaza m'manja mwa jekete. Pamenepo kuseka kunatha. Uthenga unakwera mtunda, ndipo posakhalitsa ndinaona anthu atatu akutsika: a Kamwendo patsogolo, amtali, a mimba, Mayi Makawa ndi chilundu chawo chatsopano, ndi a Tebulo pambuyo. Anthu anawapatsa njira n'kutizungulira.

"Asewele," anatero a Kamwendo kwa Mayi Makawa, "katswiri munkanena uja ndi ameneyu?" Kenako anatembenukira kwa ine. "Bala ndimaidziwa, bambo. Mowa suchita thovu wokha. Pali amene walakwitsa. Ndani?"

Yankho linali pamlomo. Linali loona, ndipo likanandiyeretsa pomwepo. Ndinayang'ana a Tebulo. Anaima chilili ndi duwa lawo, osadziwa n'komwe kuti funsolo likukhudza iwo. Ndinaona mmene zikanathera. Anthu a ku Blantyre aja akanaseka mpaka kugwira nthiti, kuti nkhalamba ya kumudzi yavundula dirafuti ngati masese. Nkhaniyo akanapita nayo kwawo, n'kumaikamba pa ukwati uliwonse. Mayi Makawa, mmene ndinkawadziwira, akanawakalipira achimwene awo pomwepo, pamaso pa asewele.

Tsono a Tebulo sanali mlendo wamba. Anali ankhoswe. Inu ana a masiku ano mumaona ngati unkhoswe ndi kusaina ku tchalitchi basi. Ayi. Tsiku limene Enelesi adzalire m'nyumba ya eni ku Blantyre, wopita kukakhala pansi ndi akuchimuna ndi a Tebulo. Mtsikanayo analibe bambo. Ankhoswe amene asekedwa pa tsiku la ukwati akalankhula chiyani pa mlandu? Akangotsegula pakamwa, anthu azikumbukira migolo.

Za loji ndinaziganiza. Za iwe Rute ndinaziganizanso. Koma chimene chinandilemera kwambiri ndi epuloni ija ya miyezi iwiri.

"Ndine," ndinatero. "Gasi ndinakweza kwambiri dzulo. Mowa wamwa mpweya."

A Kamwendo anaseka pang'ono, kuseka kwa m'mphuno. "Zaka zoposa makumi atatu pa bala, eti?"

"Eya."

Mayi Makawa sanakalipe. Chikanakhala bwino akanakalipa. Anangondiyang'ana n'kunena motsitsa, "A Muhale. Inuyo? Lero?"

A Tebulo anandigwira paphewa. "Musamukalipire, mlongo. Munthu amalakwa. Ukalamba uwu."

"Basi thirani choncho," anatero a Kamwendo. "Anthu amwe thovulo."

"Sindithira."

"Mwati bwanji?"

"Mukatsegula pano mutaya migolo yonse, anthu osamwa kanthu. Folo koloko."

Ndinamasula zogwirira za mipopi yonse iwiri n'kuziika m'thumba la buluku. Ndinatseka gasi. Kenako ndinakhala pa bokosi la ayezi. A Kamwendo anayang'ana Mayi Makawa kuti andilamule. Koma Mayi anangoti, "Akati folo koloko, ndi folo koloko." Anatembenuka n'kukwera mtunda osandiyang'ananso.

Maola amenewo ndi aatali kuposa zaka zitatu za ku Muloza. Ambiri anabwerera ku tenti kukamwa thobwa ndi zamabotolo. Ena anatsala kuti andisereule.

"Agogo, mukufungatira mazira pamenepo?"

"Asiyeni, akudikira mowa ubatizidwe mu Yorodano."

"Kwathu wotere timamupatsa khasu."

Mayi wina wa chipewa chachikulu anandijambula ndi foni. A Lingisoni anachoka pa gulu la anzawo n'kudzakhala pa mwala pafupi nane. Sanandifunse chifukwa chimene ndinanamira. Anandipatsa nthochi ziwiri n'kuyamba kukamba za mvula ya pa phiri. Kumtunda nyimbo zinkalira, perekaniperekani ali mkati. Theka la ola lililonse ndinkalowa m'madzi kukagwira migolo. Inkazizira pang'onopang'ono, kuyambira pansi.

Folo koloko inakwana, ine osadzuka. Anthu anayamba kuwerenga mawotchi mokweza. Ndinadikira mphindi zina makumi awiri, chifukwa mgolo wa kumapeto unali usanandikhutiritse. Kenako ndinabwezera zogwirira, ndinatsegula gasi pang'ono, ndinataya tambula yoyamba. Yachiwiri ndinaipendeka. Mowa unatsika mwakachetechete, woyera, wozizira mpaka tambula kuchita thukuta, thovu la zala ziwiri pamwamba. Ndinaiika pa tebulo. Amene ankanena za mazira uja ndiye anaitenga, anamwa theka, n'kupukuta pakamwa.

"Agogo, pepani," anatero.

Kuyambira pamenepo sindinawongoke msana. Migolo isanu ndi umodzi inatha yonse dzuwa lisanalowe, osatayika ngakhale ndowa imodzi. Akulu ena a mpingo ndinawaona akutsika ngati akukasamba m'manja ku mtsinje. Enelesi anatsika ndi mwamuna wake, chovala choyera atachikwinya m'manja, n'kugwada pa udzu kundithokoza ngati ndine bambo ake. A Kamwendo anamwa matambula atatu. Pa yachitatu anandiuza mwaulemu ndithu kuti mowa ndi wabwino, koma ku loji afuna munthu wa maso akuthwa pa geji. Ndinati ndamva.

Ntchito ija inapita kwa wina. Ndinapuma chaka chomwecho n'kuyamba kulima chinanazi, ndipo mbewu yoyamba anandipatsa ndi a Tebulo omwewo, osadziwa kanthu. Iwe Rute unamaliza sukulu ndi chinanazi chimenecho, movutikira, koma unamaliza. Banja la Enelesi linagwedezeka kawiri m'zaka zoyamba. Kawiri konseko a Tebulo anakwera minibasi kupita ku Blantyre ndi jekete yawo ija, anakhala pansi ndi akuchimuna, ndipo anawamvera. Lero banjalo lili ndi ana atatu. A Tebulo tinawaika chaka chatha, n'chifukwa chake ndamasuka kulemba izi. Sindidandaula. Ndinapatsidwa aphunzitsi abwino, bwana wabwino mmodzi, ndi mtsinje wozizira pa tsiku limene ndinaufuna. Ambiri sapatsidwa zimenezo.

Chatsala n'chimodzi cha tsiku lija. Dzuwa litapendeka, anthu atabwerera ku tenti kukaona akwati akudula keke, ndinayamba kumasula mapaipi. A Tebulo anatsika ndi tambula yawo, maso atafiira pang'ono, osangalala. Mayi Makawa anali pambuyo pawo ndi mbale ya mpunga ndi nkhuku imene anandibweretsera. Nkhope yawo inali isanamasuke.

"Mwaumva mowa, mlongo?" anatero a Tebulo. "Woyamba ndi womaliza mphamvu imodzimodzi. Ndi manja angawa. Mbandakucha ndinaitulutsa yonse m'madzi, n'kuivundula pa udzu kakhumikakhumi, n'kuiimika pa tenti kuti iwothe dzuwa. Afunseni a Muhale, anaipeza pomwepo."

Anagugudiza zotsala n'kukwera mtunda akuimba.

Mayi Makawa anaima ndi mbale m'manja. Anayang'ana mizere ya pa udzu. Anapita pa silinda n'kuwerama kuona geji, imene inali pamene imakhala masiku onse. Anawongoka pang'onopang'ono.

"A Muhale," anatero. "Gasi uja munakweza dzulo. Munakweza kufika pati?"

Ndinakulunga mapaipi n'kuwaika paphewa. Ndinanyamula ndowa, n'kutsetserekera ku mtsinje kukawatsuka.